ALENDO OTSEKEREDWA KU DZIKO LA ENI PA NTHAWI YA MLIRI

Munthu wonyamuka pa boma la Chadiza, akalunjika kumwera, sayenda ulendo wautali asanaponde dziko la Mozambique. Ndipo akalunjika kum'mawa, kupyola ku Vubwi, posacedwa ali m'Malawi. Malire a kumwerawo anacokera m'pangano limene Angerezi ndi Apwitikizi analemba m'caka ca 1891. Polemba panganolo sanafunse mfumu kapena nyakwawa, ndipo mzere wao unadutsa pakati pa mtundu umodzi wa Acewa. Cifukwa cace kufikira lero alipo anthu a kwa Mlolo, a kwa Mwangala ndi a kwa Zingalume amene atsibweni ao akhala m'dziko lina, ndiponso anyamata amene anapita cikamwini kuseri kwa malire. Pa masiku a mtendere palibe aganizira zimenezi. Munthu atenga njinga yace, napita ku maliro a mbale wace, nabwera madzulo, osazindikira kuti tsiku lonselo anali mlendo m'dziko la eni.

Koma ikafika nthawi ya mliri, mzere uja wa pa pepala usanduka linga. Maboma atseka zipata, ndipo yense amene tsiku lotsekalo lampeza ali kunja akhala komweko, angakhale alibe pogona, angakhale ndalama zamthera. Phunziro lino linena za anthu otere. Kawiri anthu a cigawo ca kum'mawa ca Zambia ndi anansi ao anaona cinthu cimeneci, m'caka ca 1918 ndi m'caka ca 2020, ndipo poika nthawi ziwirizi pamodzi ziturukapo zina zoyenera kuti mudzi uli wonse uzidziwe.

ZA KUBINDIKIRITSA

Nzeru ya kupatula wodwala si ya Azungu okha. Makolo, nthomba ikalowa m'mudzi, anali kumanga msasa kuthengo, nagonekamo wodwalayo. Ndipo womtumikira anali munthu amene anadwalapo kale nthomba napulumuka, pakuti anadziwa kuti nthendayo sibwereza munthu. Owerenga azindikire cinthu cimodzi pa mwambo umenewu, ndico cakuti wopatulidwayo sanatayidwe. Phala linali kupita ku msasa m'mawa, ndi madzi, ndi nkhuni. Momwemonso pa Nsadzu, m'dziko lomwe lino la Chadiza, pamene amishoni a Dutch Reformed Church anatsegula malo osungirapo akhate, odwalawo anacotsedwa ku midzi yao, koma anapatsidwa pogona, cakudya ndi mankhwala.

Ku Ulaya mwambowu unasanduka lamulo la mizinda ya pa doko. M'caka ca 1377 akuru a mzinda wa Ragusa, umene lero uchedwa Dubrovnik, analamula kuti onse ocokera ku maiko a mliri ayambe adikira masiku 30 kunja asanalowe. Pambuyo pace mizinda ina, monga Venice, inaonjeza masikuwo kufikira 40, ndipo liu la Cingerezi lonena za m'bindikiro wa mtundu uwu linabadwa ku liu la Citaliyana lotanthauza makumi anai. Tsono lamulo lotsekereza mlendo pa cipata ndi lakale, ndipo pa lokha si loipa. Funso ndi ili: atamtsekereza, adya ciani, ndipo amdyetsa ndani?

FULUWENZA WA 1918

Kuti munthu amvetse za caka ca 1918, ayenera kuyamba wadziwa kumene amuna a dziko lino anali. Msonkho wa nyumba unayamba kuciyambi kwa zaka za m'ma 1900, ndipo ndalama za msonkho sizinali kumera m'munda. Cotero amuna a m'boma la Fort Jameson, limene lero ndi Chipata, anatsika kumwera ku migodi ndi ku mafamu a Southern Rhodesia, kumene anthu anali kungoti ku Halale. Ena anapita okha ndi miyendo, kudzera m'dziko la Apwitikizi ndi kuoloka Zambezi. Ena anatengedwa ndi kabungwe kolemba anthu nchito ka Rhodesian Native Labour Bureau, kamene anchito eni ace anakacha cibalo. Pamwamba pa izi panali nkhondo. Kuyambira 1914 Angerezi analikumenyana ndi Ajeremani ku East Africa, ndipo popeza kunalibe miseu, katundu yense wa nkhondo anayenda pa mitu ya anthu. Dziko la Nyasaland lokha linapereka amtengatenga pafupi-fupi 200,000, ndi Northern Rhodesia anaperekanso zikwi zambiri. M'midzi yambiri munatsala akazi, ana ndi nkhalamba.

M'mwezi wa Seputembala 1918 zombo ziwiri, Jaroslav ndi Veronej, zinakoceza pa Cape Town, zitanyamula anthu akuda a ku South Africa amene anakagwira nchito ya nkhondo ku France. Pa njira zinaima pa Freetown, pamene nthenda inali itabuka kale. Anthuwo anasungidwa masiku owerengeka okha, nakwezedwa sitima za pa njanji kupita kwao. Ndipo kumene njanji inapita, nthenda inapitanso. Mu Okutobala South Africa anali m'maliro okha-okha, ndipo odziwa mbiri awerenga kuti m'masabata asanu ndi limodzi anafa anthu ngati 300,000. Mwezi womwewo nthenda inafika ku Bulawayo ndi ku Salisbury, inaoloka Zambezi pa Livingstone, ndipo mu Novembala inalowa m'Nyasaland. Azungu anaicha fuluwenza wa ku Spain, ngakhale sinayambire kumeneko. Cifukwa cace n'cakuti Spain sanali pa nkhondo, ndipo manyuzipepala ace anali ndi ufulu wa kulemba zimene maiko ena analikubisa. Pa dziko lonse lapansi inapha anthu amene ambiri awerenga kuti anafika mamiliyoni 50. Cinthu codabwitsa cinali cakuti inakonda kugwetsa anyamata ndi amuna amphamvu, a misinkhu yomweyo ya anthu a ku migodi ndi a mtengatenga.

Taonani tsono mnyamata wa kuno ali m'komboni ya mgodi ku Halale. Agona m'cipinda cimodzi ndi anzace ambiri. Cakudya cace ndi ufa wa poso. Cifuwa cace cafooka kale ndi pfumbi la pansi. Nthenda ilowa, ndipo m'masiku ocepa mgodi uleka nchito, pakuti ophika adwala, otunga madzi adwala, okumba manda adwalanso. Pa migodi ya Southern Rhodesia anafa anchito akuda oposa zikwi ziwiri, ndipo ambiri a iwo anali alendo ocokera kumpoto kwa Zambezi. Mwini dziko akadwala, anali ndi mudzi pafupi, ndi mlongo womphikira phala. Mlendo analibe. Iye anaona kuti wolowa m'cipatala ca pa komboni saturukamo wamoyo, naganiza kuti ngati ndi kufa, kuli bwino akafere kwao. Cotero anthu anathawa usiku, magulu-magulu, ngakhale boma linayesa kuletsa maulendo ndi kuika alonda m'njira. Ulendo wa pansi wocokera ku Salisbury kufika kuno unali wa masabata angapo. Ambiri anagwa m'mbali mwa njira, nafa popanda wowatseka maso; ndipo amene anafika anafika nayo nthenda ku midzi imene inali isanaione.

Kumpoto kunali comweco. Mkuru wa nkhondo wa Ajeremani, von Lettow-Vorbeck, anamva za kutha kwa nkhondo ali pa mtsinje wa Chambeshi, napereka zida zace pa Abercorn, ndiye Mbala, pa 25 Novembala 1918. Asilikali ace akuda, oposa 1,000, anatengedwa kukasungidwa ku Tabora, ndipo kumeneko fuluwenza anawapeza ali m'msasa, kutali ndi kwao. Amtengatenga a mbali ya Angerezi, amene anayembekeza zaka kuti amasulidwe, anapeza kuti tsiku la ufulu wao lafika pamodzi ndi mliri: ena anacedwetsedwa m'misasa nadwala momwemo, ena anamasulidwa nanyamula nthenda pobwerera. Ku mudzi, mkazi anayang'ana ku njira caka ndi caka. Mwa amuna amene anthu anawacha machona, nawaneneza kuti anaiwala kwao cifukwa ca zokoma za m'tauni, analipo ena amene sanacone konse. Mafupa ao anatsala m'chire pakati pa Zambezi ndi kuno, ndipo panalibe wolemba kalata.

Kodi tsono kutseka zipata n'kwacabe? Iai. M'nyanja yaikuru ya Pacific muli zisumbu za Samoa, zimene pa nthawiyo zinali zogawika pawiri. Ku mbali yolamulidwa ndi New Zealand analola combo cochedwa Talune kukoceza pa Apia pa 7 Novembala 1918, muli odwala, ndipo anafa anthu ngati 8,500, ndiye munthu mmodzi mwa asanu ali onse. Ku mbali yolamulidwa ndi America bwanamkubwa anatseka doko, ndipo sanafe munthu ndi mmodzi yemwe. Komatu ico ndi cisumbu, cimene cipata cace ndi doko limodzi. Zambia azingidwa ndi maiko asanu ndi atatu, ndipo malire a ku Chadiza ndi tinjira ta m'minda, timene msilikali sangathe kutilonda tonse.

ZIPATA ZITSEKEDWA, 2020

Nthenda ya Covid-19 inadziwika poyamba mu mzinda wa Wuhan ku China mu Disembala 2019. Pa 23 Januwale 2020 mzindawo unatsekedwa, ndipo unakhala cotsekedwa masiku 76. M'katimo munali ana a sukulu ocokera ku maiko ambiri a Africa, a ku Zambia ali pomwepo. Maiko olemera anatumiza ndege kukatenga anthu ao. South Africa anatenga ace mu Malici. Koma maboma ambiri a Africa anauza ana ao kuti akhale komweko, poopa mtengo wa ndege ndi poopa kulowetsa nthenda m'dziko. Makolo amene anagulitsa ng'ombe kuti mwana akaphunzire udotolo anangomva liu lace pa lamya. Mu Epulo kunamvekanso mbiri yocititsa manyazi ku mzinda wa Guangzhou, kumene anthu akuda anaturutsidwa m'nyumba za lendi ndi m'mahotela, nagona pa mseu, cifukwa eni mzinda anawayesa onyamula nthenda. Ici ndi cizolowezi cakale ca mtima wa munthu: mliri ukabuka, cala ciloza mlendo poyamba.

Pa 11 Malici 2020 bungwe la za umoyo la dziko lonse, World Health Organization, linalengeza kuti nthendayi ndi mliri wa maiko onse. Pa 18 Malici Zambia anapeza odwala ace oyamba awiri, ndipo pa 20 Malici masukulu anatsekedwa. Pa 25 Malici Pulezidenti Edgar Lungu analamula kuti ndege zocokera kunja zitere pa Lusaka pokha, mabwalo a ndege a Ndola, Livingstone ndi Mfuwe natsekedwa kwa izo; misonkhano, maukwati ndi maliro zisapitirire anthu 50. Koma malire a pa mtunda sanawatseke onse, pakuti dziko lopanda nyanja likatseka miseu yace lidzipha lokha ndi njala ya mafuta, mankhwala ndi feteleza. Anansi anacita mosiyana. South Africa anatseka dziko lonse kuyambira usiku wa pa 26 Malici. Zimbabwe anatsata pa 30 Malici. Mozambique analengeza nthawi ya ngozi kuyambira pa 1 Epulo, atayamba kale kuleka kupereka ziphaso zolowera kwa alendo. Ku Malawi boma linafuna kutseka anthu m'nyumba masiku 21 kuyambira pa 18 Epulo, koma bwalo lalikuru la milandu linaletsa, odandaula atanena kuti boma silinakonze cimene osauka adzadya.

Pofika mu Julayi caka comweco, bungwe loona za anthu osamuka, International Organization for Migration, linawerenga kuti anthu osacepera 2,750,000 anali otsekeredwa m'maiko a eni, ofuna kubwerera koma opanda njira. Pa nyanja, mu Seputembala, amalinyero ngati 400,000 anali m'zombo, nthawi ya pangano lao itatha kale, palibe doko lowalola kutsika.

KU JONI

Kumene bvutoli linagwera kolemera pa anthu olankhula Cinyanja ndiko ku South Africa. Ku Johannesburg, ku Pretoria, ku Durban ndi ku Cape Town kuli a ku Malawi zikwi zambiri, ndi a ku Zambia ndi Mozambique, ogwira nchito za m'nyumba, za m'maluwa, za m'malo odyera, zomanga ndi za ulonda. Ambiri a iwo alipidwa pa tsiku kapena pa sabata. Dziko litatsekedwa, bwana anati, Usabwere kufikira ndidzakuitana. Ndipo malipiro analeka tsiku lomwelo, koma mwini nyumba sanaleke kufuna lendi. Munthu amene kwa zaka zambiri anali kutumiza ndalama za malata ndi za sukulu ku mudzi anayamba kutumiza mau opempha.

Boma la South Africa linakonza thandizo la ndalama, R350 pa mwezi, la anthu osowa nchito. Poyamba linali la nzika, la okhala ndi cilolezo ca muyaya, ndi la othawa nkhondo obvomerezeka. Mu Juni 2020 kabungwe ka Scalabrini Centre ka ku Cape Town kanapambana mlandu, ndipo bwalo linalamula kuti alandirenso opempha malo othawirako, ndi okhala ndi ziphaso zapadera za anthu a ku Zimbabwe, Lesotho ndi Angola. Koma a ku Malawi ndi a ku Zambia analibe ciphaso capadera cotere, ndipo wopanda mapepala konse sanayese n'kuyesa komwe kufika pa ofesi. Pogawa mapukusi a cakudya, kawiri-kawiri anali kufunsa nambala ya citupa ca nzika. Kufupi ndi Pretoria kunaoneka mzere wa anthu wautali makilomita angapo, odikira ufa woperekedwa ndi anthu acifundo, ndipo ambiri a mu mzerewo anali alendo. Amene anawasunga amoyo makamaka anali anzao: tumabungwe ta maliro ta anthu a mudzi umodzi, mipingo, misikiti, ndi mnansi wogawa theka la thumba lace.

Akale anati, kwanu n'kwanu, m'thengo mudalaka njoka. Pakutha pa Meyi mabasi anayamba kunyamula a ku Malawi kubwerera kwao, kudzera pa Beitbridge, kupyola Zimbabwe, kulowa Mozambique pa Nyamapanda, kuoloka Zambezi pa Tete, kufikira pa cipata ca Mwanza. Anakhala masiku m'basi mothithikana, wamoyo ndi wodwala pa mpando umodzi. Pofika anayezedwa, ndipo ambiri anatengedwa ku bwalo la mpira la Kamuzu Stadium mu Blantyre kuti adikire zotsatira. Monga anadandaula iwo eni, pamenepo panalibe cakudya cokwanira, ngakhale madzi, ngakhale zimbudzi zoyenera, ndipo inali nyengo yoyamba kuzizira. Anthu oposa 400 analumpha mpanda kapena kuturuka pa cipata, nakwera galimoto kupita ku midzi yao, ena a iwo atapezeka kale ndi kacirombo. M'masabata otsatira ciwerengero ca odwala m'Malawi cinakwera msanga. Pambuyo pace boma linayamba kulandirira obwerera m'masukulu a aphunzitsi, monga ya Machinga ndi ya Nalikule, kumene kunali zipinda ndi mophikira.

Pano ndi pamene nthawi ziwirizi zikomana. Wothawa m'komboni mu 1918 ndi wolumpha mpanda mu 2020 anacita cinthu cimodzi, pa cifukwa cimodzi. N'kwapafupi kuwaweruza kuti anali osamvera, ndipo n'zoona kuti kuthawa kwao kunapweteka anthu osalakwa. Mai wokalamba amene analandira mwana wace ndi cimwemwe sanadziwe cimene analowa naco m'nyumba. Koma wotseka munthu ndi kum'mana cakudya wamuuza yekha kuti athawe. Makolo aja a msasa wa nthomba anadziwa zimenezi, ngakhale sanaone kacirombo ndi maso. Mbale ya phala inali mlonda woposa mpanda. Boma la South Africa linaononga mamiliyoni 37 a ndalama zao kumanga mpanda wa waya wa makilomita 40 pa Beitbridge, ndipo m'masabata ocepa unali wodulidwa-dulidwa.

PA CHANIDA NDI M'MIDZI YA M'MALIRE

Mseu wocokera ku Katete ufika pa cipata ca Chanida m'dziko la Chadiza, ndipo kuseri kwace kuli Cassacatiza, ndi njira ya ku Tete ndi ku doko la Beira. Pamenepa padutsa malole a feteleza ndi katundu wina. Oyendetsa malole ndiwo anali alendo a mtundu wina pa mliriwu: dziko linawafuna, koma linawaopa. Pa 6 Epulo 2020 nduna za maiko a SADC zinagwirizana malangizo akuti katundu wofunika apitirire kuyenda, koma dziko liri lonse linaonjezapo malamulo ace. Woyendetsa anayezedwa mbali ino, nayezedwanso mbali iyo. Anadikira zotsatira masiku, nthawi zina kufikira kalata yace yoyamba itatha mphamvu. Anagona m'lole, naphika pansi pace. Ndipo m'malo ena anthu anakana kumgulitsa cakudya. Ku Nakonde, odwala atacuruka, boma linatseka cipata pa 11 Meyi, ndipo malole anandanda mbali zonse ziwiri. Ku Beitbridge mu Disembala 2020 mizere inafika makilomita ambiri m'dzuwa lotentha, ndipo ena anafera pa mzere pomwepo.

Amai a geni, amene amoyo wao ndi kuolotsa nsomba, zitenje ndi tomato pa Mwami kapena pa Chanida, anaona kuti kalata ya cipimo ifuna ndalama zolemera koposa phindu lao. Ena analeka malonda, nadya mpamba. Ena anasiya cipata nayamba kudzera m'chire, kumene kulibe woyeza, ndi kumene mkazi woyenda yekha akomana ndi zoopsya zina. Cotero lamulo lolemera linacotsa anthu pamaso pa anamwino, m'malo mwa kuwabweretsa.

Caka ca 2020 mwambo wa Kulamba sunacitike. Caka ndi caka, pakutha pa Ogasiti, mafumu a Acewa a ku Zambia, Malawi ndi Mozambique asonkhana pa Mkaika ku Katete kudzalamba kwa Kalonga Gawa Undi, ndipo pa masiku amenewo malire aja a 1891 akhala ngati kulibe. Caka cimeneco malire anapambana. Koma cimene cinalasa mitima koposa ndi maliro. Mcewa afuna kugona pa manda a makolo ace, ndipo a ku Joni asonkha ndalama mwezi ndi mwezi kuti womwalira abwere kwao m'bokosi. Pa mliri ambiri anaikidwa komweko, ndi anthu obvala zoyera osawadziwa dzina, ndipo ku mudzi analira maliro opanda mtembo. Ena, mai wao atamwalira kuno, anaonera mwambo wonse pa kagalasi ka lamya ali m'kacipinda ka ku Cape Town.

Anthu a ku Chadiza si acilendo pa nkhani ya kulandira otsekeredwa. M'zaka za m'ma 1980, nkhondo ya Frelimo ndi Renamo itakula, anthu a ku Mozambique anathawira m'midzi ya m'malire muno, ndipo eni midzi anawapatsa malo ndi minda boma lisanatsegule msasa wa Ukwimi ku Petauke mu 1987. Pangano la mtendere linalembedwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992, ndipo ambiri anabwerera. Kusiyana kwace n'kwakuti wothawa nkhondo sapatsira mwini nyumba nkhondo yace, koma wothawa mliri akhoza kupatsira. Cifukwa cace cifundo ca pa mliri cifuna nzeru yoonjezera. Mwana wobwera ku Joni pa nthawi yotere asapitikitsidwe, ndiponso asalowe m'nyumba yogona agogo ace. Nyakwawa ndi akuru a banja apatule nyumba imodzi, kapena gowelo, aikemo mphasa, mtsuko ndi mbale zace-zace; cakudya cipite pa nthawi yace; a pa cipatala ca pafupi auzidwe tsiku lomwelo. Ndipo banja limene liri ndi munthu kunja licita bwino kudziwa mzinda ndi mseu umene akhala, ndi nambala ya mnzace wina, ndi kumkumbutsa kuti pasipoti yace isathe mphamvu, ndi kuti dzina lace lidziwike ku ofesi ya kazembe wa dziko lao. Pakuti pokonza mabasi ndi ndege za obwerera, maofesi amenewo ndiwo analemba maina.

CIPATA CITSEKEDWANSO

Katemera anafika m'Zambia mu Epulo 2021, miyezi inai atayamba kale kubaya anthu ku Britain. Mu Novembala caka comweco akatswiri a ku Botswana ndi South Africa anazindikira mtundu watsopano wa kaciromboka, umene unachedwa Omicron, nauza dziko lonse msanga monga kuyenera. Mphotho yao inali kutsekeredwa. M'masiku owerengeka Britain analetsa olowa ocokera ku maiko a kumwera kwa Africa, ndipo pa 28 Novembala anaonjezapo Zambia, Malawi, Mozambique ndi Angola. Ana a sukulu, anamwino ogwira nchito kunja amene anabwera kudzaona makolo, ndi odwala opita ku cipatala, anapezeka pa bwalo la ndege ndi tikiti yopanda nchito. Pulezidenti Lazarus Chakwera wa Malawi anatsutsa poyera kuti ciletsoco sicinacokere m'nzeru za udotolo. Posacedwa kunadziwika kuti Omicron anali atafika kale ku Ulaya, ndipo pa 15 Disembala Britain anacotsa ciletsoco. Pa 5 Meyi 2023 World Health Organization analengeza kuti nthawi ya ngozi yatha. M'Zambia anthu olembedwa kuti anafa ndi nthendayi anali ngati 4,000.

Liripo lamulo limene apaulendo ambiri salidziwa. M'caka ca 2005 maiko anagwirizana malamulo a za umoyo a pakati pa maiko, ochedwa International Health Regulations, amene anayamba kugwira nchito mu 2007. Zambia, Malawi, Mozambique, Zimbabwe ndi South Africa onse ali momwemo. Malamulowo alola boma kuyeza wapaulendo ndi kumbindikiritsa. Koma ndime ya 32 iika mangawa pa boma lomwelo: limcitire ulemu monga munthu, lisamalire ngati ali mwamuna kapena mkazi ndiponso mwambo ndi cipembedzo cace, limpatse cakudya ndi madzi okwanira, pogona poyenera ndi zobvala, lisunge katundu wace, limpatse mankhwala akadwala, ndiponso njira yotumizira mau, ngati n'kotheka m'cinenero cimene iye amva. Munthu wa kwa Mlolo wosungidwa pa Cassacatiza kapena pa Tete, ndi munthu wa ku Mozambique wosungidwa pa Chanida, onse awiri ali ndi mphamvu ya kupempha zinthu zimenezi kwa mkuru wa pa cipatapo, ndi kuchula nambala ya ndimeyo.